Phulusa anafa atakhuta

Hatchi yoyamba kuilandira pakhomo panga inabwera pa lole itatsamira chitsulo cha m'mbali, poti miyendo yokha sikanatha kuinyamula ulendo wonse. Inali yotuwa, ndiye tinangoitcha Phulusa. Mwini wake anadwala nthawi yaitali, ndipo abale amene anatsala pakhomo sankadziwa chochita ndi chinyama chachikulu chotere. Ankaipatsa madzi akakumbukira. Pofika kwa ine n'kuti nyengo yozizira itangoyamba kumene. Mafupa a m'chiuno anali atatuluka ngati zikhomo, msana uli wakuthwa, pamwamba pa maso pali maenje oti n'kulowetsamo chala chachikulu.

Ndinalira kaye. Kenako ndinachita zimene mtima unandiuza. Ndinadzaza ndowa ndi chakudya cha m'matumba chija, chosakaniza chimanga ndi oats, chotsekemera, n'kumuikira. Phulusa anadya mpaka kunyambita pansi pa ndowa. Madzulo ndinamuikira ina. Kwa masiku atatu ndinkagona mtima uli m'malo, ndikuti ndamupulumutsa. M'mawa wa tsiku lachinayi ndinamupeza ali gone pa utuchi, minofu ikunjenjemera, akupuma movutikira. Anayesa kudzuka kawiri. Miyendo yakutsogolo inkawongoka, yakumbuyo n'kukana.

Dokotala wa ziweto atafika anagwada, anamvetsera mtima, anatukula mlomo kuyang'ana nkhama.

"Mayi, chifikireni mwakhala mukumupatsa chiyani?"

Ndinawalozera thumba. Anakhala chete kanthawi.

"Sindikukuimbani mlandu, ambiri amachita zomwezi. Koma njala ija akanapirira nayo masiku ena. Chamugwetsa ndi thumba ilo."

Phulusa anafa dzuwa lisanalowe. Akuluakulu amati chifundo chinapha nkhwali, koma m'nthano ija anafa ndi wachifundoyo. Kwanga kuno anafa ndi amene ndinkamuchitira chifundo. Papita zaka 11, pakhomo pano padutsa mahatchi ambiri osiyidwa, okalamba ndi ozunzidwa, koma ndikatsegula thumba la chakudya ndimamukumbukirabe.

Zimene adokotala anandifotokozera tsiku limenelo ndikufuna aliyense amene angapeze hatchi yowonda azidziwe asanagwire ndowa. Thupi likakhala pa njala nthawi yaitali limayamba kudzidya lokha. Limatha mafuta, kenako mnofu, ngakhale mnofu wa mtima womwe. Michere ya m'thupi monga phosphorus, potassium ndi magnesium imakhala itachepa kwambiri. Ukangolipatsa mwadzidzidzi chakudya cha shuga ndi sitachi wambiri, timadzi ta m'thupi totchedwa insulini timachuluka, n'kukokera shugayo m'maselo limodzi ndi michere yochepa ija yotsala m'magazi. Magazi akatsala opanda michereyo, mtima, mapapo ndi impso zimalephera. Madokotala amati refeeding syndrome, ndipo imagwiranso anthu amene akhala pa njala. Choipa chake n'choti sionekera tsiku loyamba. Imadikira masiku atatu kapena asanu, iwe utayamba kale kusangalala.

Mu 1998, Christine Witham ndi Carolyn Stull a ku University of California, Davis, anasindikiza zimene anapeza atayerekeza zakudya zitatu pa mahatchi amene anakhala pa njala. Chimene chinathandiza bwino chinali udzu wouma wa alfalfa, umene ena amati lucerne, chifukwa uli ndi sitachi wochepa koma zomanga thupi ndi michere zilimo. Ndondomeko imene inachokera kumeneko ndi imene ndimatsata, limodzi ndi dokotala. Masiku atatu oyamba, pafupifupi theka la kilogalamu maola anayi alionse, usana ndi usiku. Kuyambira tsiku lachinayi umawonjezera pang'onopang'ono uku ukuchepetsa maulendo, mpaka kufika pafupifupi makilogalamu awiri maola 8 alionse. Pakatha masiku 10 ndi pamene hatchi ingadye udzuwo mmene ikufunira. Chakudya cha mbewu osayerekeza, mpaka thupi litabwerera ndithu, ndipo kubwererako kumatenga miyezi itatu mpaka isanu. Theka la kilogalamu ndi kaudzu kokwana m'manja awiri. Kukapereka kwa nyama imene ikukuyang'ana ndi maso a njala, kenako n'kutseka chitseko, ndi ntchito yowawa kuposa kuzira ndowe tsiku lonse.

Mahatchi ambiri otere amafika m'nyengo yozizira, ndipo chifukwa chake n'chosavuta kumvetsa. Msipu ukatha, mwini amayenera kugula udzu, ndiye amene analibe ndalama kale amagwa mphwayi. Koma pali chifukwa china chimene chinandipusitsa inenso, ndicho ubweya.

Hatchi imayamba kumera ubweya wa chisanu masiku akayamba kufupika, kuzizira kusanafike n'komwe. Chimene chimauza thupi ndi kuchepa kwa kuwala. Ubweyawo ukakula, hatchi imaoneka yonenepa, yofutukuka, ukaionera kutali. Nthiti zimabisika. Chaka changa chachitatu ndinali ndi hatchi yaikazi yokalamba imene tinkaitcha Agogo. Ndinaiveka bulangete chisanu chitangoyamba, ndipo m'mawa uliwonse ndinkaiona ikudya, ndikumati zonse zili bwino. Patatha masabata asanu, mwana wa achimwene anga amene amandithandiza ntchito anavula bulangetelo kuti alisoke pamene linang'ambika. Ndinangomva akukuwa.

"Azakhali, tabwerani mudzaone!"

Pansi pa bulangete panali mafupa okhaokha, ndipo paphewa panali chilonda pomwe nsalu inkakhula. Agogo ankaima pa udzu tsiku lonse, inde, koma sankameza. Pansi pomwe ankaima panali timipira ta udzu totafunidwa theka, tonyowa ndi malovu, ndipo ine ndinkangotisesa osaganiza kanthu. Mano a hatchi amatuluka pang'onopang'ono moyo wake wonse uku akuperepeseka ndi kutafuna, ndipo ikadutsa zaka 20 amayamba kutha, ena kugwedera, ena kusongoka m'mbali n'kumacheka tsaya. Timipira tija ndi chizindikiro chake. Dokotala anapala mano osongokawo, anazula limodzi lowola, ndipo kuyambira pamenepo Agogo ankadya udzu wogayidwa wonyika m'madzi ofunda mpaka kukhala phala, kanayi pa tsiku. Anakhala nafe zaka zina zinayi.

Chichitikireni zimenezo, maso sindiwakhulupirira m'nyengo yozizira. Bulangete lililonse limavulidwa tsiku lililonse, ngakhale kwa mphindi ziwiri zokha. Kamodzi pa sabata ndimavula magolovesi n'kupapasa hatchi iliyonse ndi manja, kulowetsa zala mpaka pakhungu. Ndimatsata muyezo umene Don Henneke anakonza mu 1983 ku Texas A&M University, woyambira pa 1 kufika pa 9. Umapapasa malo 6: khosi, linunda la pamwamba pa mapewa, kuseri kwa phewa, nthiti, msana, ndi patsinde pa mchira. Hatchi ya pa 1 ndi ngati Phulusa, ya pa 9 ndi yonenepa modwalitsa. Pa 5 nthiti sizioneka, koma ukadutsitsa dzanja umazimva mosavuta. Ndimafuna kuti chisanu chipeze hatchi iliyonse ili pa 5 kapena 6, chifukwa kunenepetsa hatchi pakati pa chisanu n'kovuta kwambiri kuposa kuisunga pamene ili. Ndimayezanso ndi tepi. Kuzungulira chifuwa m'masentimita, kuchulukitsa ndi nambala yomweyo, kuchulukitsanso ndi utali wochokera paphewa kufika kuthako, kenako kugawa ndi 11,877. Yankho lake ndi makilogalamu, mongoyerekeza. Zonse ndimalemba m'kabuku, poti mutu umaiwala koma kabuku kamakuonetsa kuti hatchi iyi yatsika masabata atatu otsatizana.

Tsono za chimene chimafunditsa hatchi. Anthu ambiri amaganiza bulangete, ena amaganiza chimanga. Moto weniweni wa hatchi ndi udzu. M'matumbo ake aakulu muli tizilombo tosaoneka ndi maso timene timasasitsa udzu, ndipo kusasako kumatulutsa kutentha kwa maola ambiri, ngati mbaula imene ikunyeka pang'onopang'ono m'kati mwa thupi. Chakudya cha mbewu chimagayidwa msanga m'matumbo aang'ono ndipo sichipereka kutentha kotere. Hatchi imafuna udzu wokwana 1.5 mpaka 2 peresenti ya kulemera kwake tsiku lililonse, kutanthauza makilogalamu 7.5 mpaka 10 kwa hatchi ya makilogalamu 500, ndipo kukazizira kwambiri umawonjezera. Gawo lalikulu ndimaliika madzulo, chifukwa chisanu chimaluma kwambiri mbandakucha, ndipo sindifuna kuti nthawi imeneyo iwapeze m'mimba muli pululu. Chifu cha hatchi n'chaching'ono poyerekeza ndi thupi lake, komanso chimatulutsa asidi nthawi zonse, kaya mwalowa chakudya kaya ayi. Ikakhala maola ambiri osatafuna, zilonda zam'mimba zimayamba.

Poika udzu ndimaunjika milu yochuluka kuposa mahatchi, motalikirana. Mahatchi ali ndi akuluakulu awo, ndipo wamantha kapena wokalamba amathamangitsidwa pa mulu uliwonse. Milu ikakhala yokwanira ndendende, mmodzi amagona ndi njala iwe osadziwa.

Udzu womwewu ndi umene unandiphunzitsa mawu ovuta kwambiri pa ntchitoyi, oti ayi. Panopa ndimasunga mahatchi 14. Pa makilogalamu 10 iliyonse, ndi makilogalamu 140 pa tsiku. Kwa masiku 150 opanda msipu, ndi matani 21, osawerengera wotayika popondedwa ndi wochita nkhungu. Ndimawerengera zimenezi kukadali kotentha, n'kugula udzu wonse usanasowe. Mwa malo 14 amenewa, amodzi kapena awiri ndimasungira zadzidzidzi. Akadzaza, basi. Foni imalira ndithu, nthawi zina munthu akulira kuti hatchi ya bambo ake omwalira ilibe kopita, ndipo ine ndimamva kuwawa mpaka m'mafupa. Ndimamuthandiza kufunsa kwa ena osunga mahatchi, nthawi zina ndimamutumizira udzu wa mwezi umodzi kuti hatchiyo ikhale komwe ili. Koma yachikhumi ndi chisanu sindiilandira. Ndinapitako kukathandiza kuchotsa mahatchi pamalo ena amene mwini wake anayamba ndi mtima wabwino ngati wanga, n'kumalandira iliyonse imene yabwera. Tinapeza mahatchi oposa 30 akutafuna matabwa a khola. Mayi uja sanali wankhanza, ankawadziwa onse mayina, ndipo ankalira tikuwakweza. Anangolephera kukana.

Madzi ndi amene amandidzutsa usiku. Msipu wauwisi umakhala ndi madzi ochuluka, mwina magawo atatu mwa anayi, pomwe udzu wouma uli ndi ochepa kwambiri. Ndiye m'nyengo yozizira hatchi imafunika kumwa kwambiri, malita 25 mpaka 40 pa tsiku, koma ndi nthawi yomweyo imene imachita ulesi kumwa chifukwa madzi akuzizira mpaka kupweteka mano, mwinanso aundana pamwamba. Udzu wouma ukalowa wambiri madzi ochepa, umatsekeka pokhota pa thumbo lalikulu. Hatchi sitha kusanza, choncho chimene chalowa chiyenera kutulukira kumbuyo basi. Usiku wina ndinapeza hatchi yathu yofiirira, Khungwa, akupalasa pansi ndi chiboda, akucheukira m'mimba mwake, kugona n'kudzuka, kugonanso. Udzu wake unali wosakhudzidwa. M'khola munali ndowe mulu umodzi wokha, zazing'ono, zouma ngati miyala. Ndowa yake inali yodzaza mmene ndinaisiyira m'mawa, ndipo ndinaidutsa masana osaiona. Adokotala anabwera pakati pa usiku, anam'baya jakisoni wochepetsa ululu, analowetsa paipi m'mphuno mpaka m'chifu n'kuthira madzi ofunda osakaniza ndi michere. Tinachezera kumuyang'anira. Ndowe zitatuluka masana a tsiku lotsatira, mwana wa achimwene uja anavina m'khola.

Matenda a m'mimba amenewa, amene amatchedwa colic, amapha mahatchi ambiri. Mu 1994, Michaela Kristula ndi Sue McDonnell a ku University of Pennsylvania anapeza kuti kukazizira, mahatchi a mtundu waung'ono amene ankapatsidwa madzi ofunda ankamwa pafupifupi 40 peresenti kuposa pamene ankapatsidwa ozizira kwambiri. Ine ndimanyamula zigubu za madzi otentha kawiri pa tsiku n'kuthira m'ndowa mpaka afunde, makamaka nthawi imene angomaliza kudya, poti ndi pamene amamwa kwambiri. Ndimathiranso supuni yaikulu imodzi kapena ziwiri za mchere m'chakudya kuti ludzu libwere. Ndipo ndimawerenga milu ya ndowe m'mawa uliwonse. Hatchi yathanzi imachita maulendo 8 kapena kuposa pa tsiku. Ikachepetsa, ndimadziwa vuto lisanafike pogudubuzika. Ndi bwinonso kudziwa mmene hatchi yako imakhalira ikakhala bwino: kutentha kwa thupi madigiri 37.5 mpaka 38.5, mtima kugunda ka 28 mpaka 44 pa mphindi. Dokotala ukamuuza manambala amenewa pafoni amadziwa ngati athamange kapena abwere kukacha.

Kuzizira pakokha hatchi yathanzi sikuiopsa. Ubweya wake umaimirira n'kusunga mpweya wofunda pafupi ndi khungu, ndipo ikakhala youma ndi yokhuta imapirira ngakhale kutazizira kupitirira pamene madzi amaundana. Mdani ndi mvula yozizira yobwera ndi mphepo. Ubweya ukanyowa umagona, mphepo n'kulowa mpaka pakhungu, ndipo hatchi imene dzulo inkasewera m'chisanu lero umaipeza ikunjenjemera. Choncho chofunika choyamba ndi chisakasa cha makoma atatu chofulatira mphepo, chachikulu moti wamantha asatsekeredwe kunja. Bulangete ndimaveka okalamba, owonda, odwala ndi amene anametedwa. Enawo ndimawasiya. Bulangete lopyapyala limagoneka ubweya n'kuchotsa chitetezo chimene hatchi inali nacho kale, lolemera kwambiri limaitulutsa thukuta, ndipo lonyowa n'loipa kuposa kukhala opanda. Osaveka hatchi yonyowa. Chinyezi chikatsekeredwa pakhungu pamabuka nkhanambo zimene zimasupuka ndi ubweya womwe.

Chaka choyamba ndinkatseka mazenera onse a khola kuti mufunde. M'mawa ndikatsegula, fungo la mkodzo linkandilowa m'maso mpaka misozi, ndipo mahatchi awiri anayamba kutsokomola. Ngati mpweyawo ukundipweteka ine wolowa mphindi zochepa, nanga iwo amene mphuno zawo zili pafupi ndi pansi usiku wonse? Fumbi la udzu ndi mpweya wa mkodzo zimawononga mapapo. Panopa khola langa n'lozizira koma mpweya umayenda, ndipo masana onse mahatchi amakhala kunja, poti kuyendayenda kumathandizanso matumbo ndi mawondo a okalamba.

Zina n'zazing'ono koma sizitha. Nsabwe zimakonda ubweya wautali wa hatchi yofooka. Matope amayambitsa zilonda kuseri kwa akakolo, ndipo pansi pa chiboda pamawola n'kumanunkha ngati supalapo tsiku ndi tsiku. Ziboda zimakula pang'onopang'ono kukazizira, komabe wozidula azibwera masabata 6 mpaka 8 alionse. Hatchi yatsopano imakhala payokha masabata atatu, ndi ndowa zake, chifukwa cha matenda opatsirana a strangles amene amatupitsa pansi pa chibwano n'kutulutsa mafinya. Mankhwala a njoka zam'mimba sindithamangira kupatsa hatchi yongofika ili yowonda. Timayeza kaye ndowe, dokotala n'kusankha nthawi, chifukwa njoka zikafa zambiri nthawi imodzi, makamaka mwa ana a hatchi, zimatha kutseka thumbo.

Pali china chimene osunga mahatchi sitikonda kuchikamba. Chisanu chisanayambe ndimakhala pansi ndi adokotala n'kukambirana za okalamba, mmodzimmodzi. Funso lathu limakhala loti, akagona amatha kudzuka yekha? Hatchi ikakhala chigonere maola ambiri, kulemera kwake komwe kumaphwanya minofu ndi kupanikiza mapapo. Agogo atafika poti tiziwadzutsa ndi zingwe kawiri pa sabata, ndinasankha tsiku lowala dzuwa, atadya phala lawo, mutu uli m'manja mwanga. Sindinafune kudzawapeza mbandakucha atagwera m'matope ozizira, atalimbana okha usiku wonse.

Chaka chathachi, chisanu chili pakati, kunabwera hatchi yakuda ya kadontho koyera pamphumi. Tinaitcha Nthanda. Adokotala anaipapasa n'kunena kuti ili pa 1. Tepi inaonetsa makilogalamu 310, pa hatchi yoyenera kukhala pafupifupi 450. Tinaiika m'khola la payokha, utuchi wambiri pansi, bulangete louma, madzi ofunda. Ndinapachika sikelo pamtanda wa denga, ndipo foni ndinaitchera kuti izilira maola anayi alionse.

Usiku wachiwiri, cha m'ma 2 koloko, tinalowa ndi tochi. Mpweya wa m'kamwa mwathu unkaoneka ngati utsi. Nthanda anamaliza kaudzu kake m'mphindi zochepa, n'kuyamba kufufuza m'utuchi ndi milomo, kenako anandigunda pachifuwa ndi mphuno, akulira chapansipansi.

"Azakhali, tiwonjezereko dzanja limodzi lokha. Taonani mmene akuchitira."

"Iyayi mwanangu. Tibweranso 6 koloko."

"Koma ali ndi njala."

"Ndikudziwa. Zimitsa tochiyo, tiye."

Ndinatseka chitseko manja akunjenjemera, ndipo sikunali kuzizira kokha. Tsiku lachinayi ndinalowa m'kholamo mtima uli m'mwamba, ndinamupeza ali chiimire. Lachisanu chimodzimodzi. Tsiku la 9 anagona, ndipo tinaima pakhomo osapuma mpaka anaponya miyendo kutsogolo, n'kudzikankha, n'kuimirira yekha, utuchi uli mbuu m'mbali mwake.

Ubweya wake wa chisanu unayamba kuthothoka mwezi wachinayi, masiku atayamba kutalika. Unkatuluka wodzaza manja, ndipo mbalame zinkautola pampanda. Pansi pake panali khungu lakuda lonyezimira limene sitinkadziwa kuti lilipo. Sabata yatha tepi inaonetsa makilogalamu 428. Ndinavula magolovesi n'kudutsitsa dzanja pa nthiti zake, ndipo ndinazimva mosavuta, koma m'maso zinkangooneka pang'ono. M'kabuku ndinalemba 4, ndi kachizindikiro koti akuyandikira 5.